Yunivesite Yopanda Mpanda

Mukafunsa Amalawi a ku Maryland kuti a Wilkins Makwinja ndi ndani, ena akuuzani kuti ndi mkulu wa mpingo uja amene amayimba besi mochedwa, anzake atafika kale pa Ameni. Ena akuuzani kuti ndi bambo a ku Greenbelt aja amene aliyense wongotsika ndege amayamba wagona kwawo asanapeze pake. Zonsezo n'zoona. Koma chachikulu pa a Wilkins n'chakuti sakhulupirira chinthu asanachione kuseri. Mukawapatsa malaya a mphatso, zikomo amanena pambuyo, amayamba awatembenuza kuti aone msoko. Akalowa m'lesitilanti amathamangira kuchimbudzi, osati poti zawathina ayi, koma kukaona ngati eni malowo ndi anthu oti n'kuwadyera chakudya. Akazi awo, a Doris, anasiya kalekale kuchita nazo manyazi. Amangokhala pampando, jasi osavula, kudikira chigamulo.

Khalidwe limeneli analitengera ku Limbe. A Wilkins kwawo ndi ku Chiradzulu. Sitandade 8 anakhoza bwino lomwe, dzina linatuluka, koma ku sekondale sanapondeko chifukwa kunyumba kunalibe n'chogulitsa chomwe. Anakalowa ntchito m'sitolo ya nsalu ya Bambo Jayantilal Vithlani, Mmwenye wobadwira ku Limbe komweko, munthu wamfupi, wa mawu ochepa, magalasi olendewera pamphuno. Anayamba ndi kusesa pakhonde. Patapita zaka zitatu bwanayo anazindikira kuti wosesayu ali ndi zala zomva nsalu. Kuyambira pamenepo, ogulitsa nsalu akabwera ndi zitsanzo zawo, mano onse pamtunda, bwana ankangoti, "Wiliki, taona." A Wilkins ankaitembenuza nsaluyo, kuikoka, kunyowetsa kansonga ndi sopo n'kukatikita papepala loyera. Ikasuluka ankanena kuti yasuluka. Wogulitsa wina anawatengerapo kuseri kwa sitolo n'kuwaonetsa nsapato zatsopano. A Wilkins anaziyeza, zinawakwana bwino kwambiri, anazivula, n'kukauza bwana kuti nsalu ija yasuluka.

Bwana Vithlani sankayamika ndi pakamwa. Mayi a Wilkins atamwalira, bwanayo anapereka lole ya pasitolo ndi nsalu yoyera yaulere, koma nsaluyo anaiyeza yekha, osapitirira ngakhale chala chimodzi. Ndi mmene analili munthuyo, ndipo a Wilkins ankamukonda, ngakhale mukanawafunsa chifukwa chake akanangokanda m'mutu.

Ku America anabwera mu 1984 ngati dalaivala wa banja lina la ku ofesi ya kazembe. Banjalo litabwerera kumudzi iwo anatsala, anachita kosi yosamalira odwala, n'kuyamba ntchito panyumba ina yosungira okalamba ku Landover. A Doris anawatsatira, nawonso n'kulowa ntchito yomweyo kwina. Kwa okalambako n'kumene matenda oona kuseri aja anakulira. Tsiku lina kunabwera ojambula zithunzi za kabuku kokopera anthu. M'nyumba monse munadzaza maluwa obwereka, kunabweranso galu wa ubweya wosalala amene nkhalambazo zinali zisanamuonepo, ndipo agogo ena amene ankatukwana aliyense wodutsa anawapesa tsitsi n'kuwakhazika pawindo. Kabuku katatuluka, agogo aja anaoneka ngati mngelo, dzanja la a Wilkins lili paphewa pawo. Oona ankati ndi dzanja la chikondi. A Wilkins okha ndiwo ankadziwa kuti anawagwira kuopa kuti angamugende wojambulayo ndi kapu ya tiyi. Madzulo maluwa ndi galu zinabwerera kwa eni ake. Chiyambire tsiku limenelo, akaona pepala lonyezimira la anthu osekerera ankangoti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye mu Disembala 1995 kunabwera fakisi. Inafikira kukasitolo ka Mwitiyopiya wina ku Greenbelt komweko, kumene Amalawi ankalandirira mafakisi awo. Kwa zaka khumi ndi chimodzi Bwana Vithlani ankangowatumizira kalendala ya pasitolo chaka ndi chaka, popanda ndi kalata yomwe. Koma fakisiyi inayamba ngati anasiyana dzulo.

"Wiliki. Darshana akufuna yunivesite ya ku America. Zitatu zili pafupi ndi iwe, mayina ali pansipa. Mabuku awo ndaona, aliyense akuseka. Pita ukaone wekha. Choyamba, mpanda ndi wautali bwanji, ndipo pamwamba pali mabotolo? Chachiwiri, geti amatseka nthawi yanji? Chachitatu, mlonda ndi wa chibonga kapena wa mfuti, ndipo amagona? Chachinayi, nyemba ndi nyama amapakulira chipande chimodzi? Chachisanu, anyamata amagona kutali bwanji? Ukati zili bwino, ndisaina. Ukati ayi, ndi ayi."

Darshana anali mwana womaliza wa bwanayo. A Wilkins anamusiya ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndi iwo amene ankamukweza panjinga kupita naye ku sukulu ya mkaka, ndipo Chichewa chake anaphunzira pakaliyala panjingayo. Tsiku lina kamwanako kanamasula wayilesi ya m'sitolo mpaka zomangira zonse zili mbwee pansi, kakufuna kuona kuti munthu wolankhulayo wakhala pati. Bwana atatulukira, a Wilkins anati wayilesi yagwa yokha. Limenelo ndi bodza lokhalo limene anamunamizapo bwana wawo, ndipo bwanayo sanalikhulupirire n'komwe, poti wayilesi yogwa siindandalika zomangira zake mwa kukula kwake. Tsopano kamwana kaja kanali katamaliza sukulu, kakufuna uinjiniya wa makina. Mafomu anali ataitanitsa yekha ndi kudzaza yekha. Chinatsala ndi pepala limodzi lofuna saini ya bambo ake, ndipo linayenera kufika ku America pasanakwane pa 15 Febuluwale. Likapanda kusainidwa, panali banja lina la ku Ndola, la sitolo ya zitsulo, limene linali litanena kale kuti libwera pa Pasaka kudzamuonera mwana wawo wamwamuna mkazi.

Patatha sabata kunafika kalata ya pandege, yabuluu ija, yolembedwa ndi dzanja la Darshana.

"Ankolo Wiliki, ndikudziwa kuti mpanda kulibe, ndinawerenga. Adadi sadzabwera kudzaona, amaopa ndege. Ingonenani kuti ulipo. Ndi mawu amodzi okha, Ankolo. Mnyamata wa ku Ndola uja ndinamuona. Anandifotokozera mitundu ya misomali kwa maola awiri. Chonde."

A Doris anawerenga fakisi, anawerenga kalata, n'kuwayang'ana amuna awo pamwamba pa magalasi. "Ndiye mutani, a mkulu wa mpingo?"

"Tikaone kaye, mayi. Mwina mpanda ulipo, mwanayu sanawerenge bwino."

"Mwana wofuna uinjiniya sanawerenge bwino, mwawerenga bwino ndinu? Okay."

A Wilkins anadikira kuti sinowo wamkulu, chipale chofewa chimene chinagwa mu Januwale, ayambe kusungunuka, ophunzira abwerere ku tchuthi. Kenako anapempha masiku atatu kuntchito, anavala suti yawo ya maukwati ndi maliro, kope m'thumba, n'kuuyamba ulendo. Yunivesite yoyamba inali pakati pa mzinda wa Washington. Anazungulira ola lathunthu akufunafuna geti, mpaka anaimitsa munthu kumufunsa kuti yunivesite ili kuti, n'kuwauza kuti aima pakatikati pake. Misewu, mabanki, ogulitsa masoseji, zonse zinali m'kati mwa sukulu, kapena sukuluyo ndiyo inali m'kati mwa izo. Anaidula ndi bolopeni m'kope muja. Yachiwiri inali ku Virginia, ya sitima ndi mabasi awiri. Kumeneko kunali mitengo yokhayokha, nkhalango yoti mnyamata ndi mtsikana atalowamo mungawafune mpaka mvula ya chaka chamawa. Anaidulanso.

Yachitatu inali ku Maryland konkuno, basi imodzi kuchokera pakhomo pawo. Kumeneko analowa m'gulu la makolo ndi ana awo amene ankaonetsedwa malo. Wotsogolera anali mtsikana wa chaka chachitatu, ndipo ankayenda chafutambuyo kuti azilankhula akuwayang'ana. Pansi panali poterera. A Wilkins, munthu woti zaka khumi wakhala akuwakha nkhalamba zisanafike pansi, analephera kupirira. Anapita kumbuyo kwake n'kumayenda manja ali tambasu, suti ndi tayi, kudikira kuti agwe. Mtsikanayo sanagwe. Anaonetsa laibulale ya nsanjika zisanu ndi ziwiri, dziwe losambiramo, ndi bwalo la mpira loposa la kumudzi. Atafunsa ngati pali mafunso, a Wilkins anatulutsa kope.

"Excuse me, madam. Where is the fence?"

"Oh, we don't have one, sir!" anayankha monyadira, ngati akunena kuti kulibe nsikidzi.

Anafunsa za geti, geti kunalibe. Atafunsa ngati mlonda amagona, makolo onse anaphulika kuseka, bambo wina mpaka anawamenya paphewa poyesa kuti ndi nthabwala. A Wilkins anasekerera nawo mwaulemu, koma mumtima anadziwa kuti apa akuonetsedwa maluwa ndi galu. Gulu litakhotera kumanja, iwo anakhotera kumanzere, kutsata kumene kunali migolo ya zinyalala. Ntchito inawaphunzitsa kuti nyumba iliyonse yaikulu ili ndi khomo lakuseri, ndipo choona chimakhala ndi anthu olowera khomo limenelo.

Chitseko cha kuseri kwa hositelo anachipeza chotsegula, atachitchinga ndi ndowa. M'katimo mayi wina wonenepa, wa duku lobiriwira, ankakolopa akung'ung'udza nyimbo ya tchalitchi. A Wilkins anaima, poti nyimboyo ankaidziwa. Analowetsa besi yawo, mochedwa monga mwa nthawi zonse. Mayiyo anatembenuka mopu uli m'mwamba.

"Iye! Imwe batate, mwaniyofya! Ndimwe bakuti?"

"Pepani mayi. Ndine Makwinja, wa ku Malawi."

"Namvela kakambidwe. Ine ndine Mable, wa ku Lusaka, ku Matero. Manje mufuna chani ku back door na suti?"

A Wilkins anafotokoza zonse, n'kuwaonetsa fakisi ija. A Mable anapukuta manja, anaiwerenga, anaseka mpaka kutsamira khoma. Anali atakolopa hositelo imeneyo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo panalibe pulofesa wodziwa ana a pasukulupo kuposa iwo.

"Lembani, batate. Floor iyi ni ya bakazi. Yapamwamba ni ya bamuna. Elevator ni imozi chabe. Mufuna nikambe chani futi?"

Bolopeni ya a Wilkins inaima. "Nyumba imodzi?"

"Imozi. Na pa Friday ningakuuzeni vamene nimapeza mu ma bin, koma ndimwe bakulu ba church. Ku cafeteria kuli side ya bosadya nyama, vakudya vili che bwino, koma uja wa lunch akatangwanika spoon ni imozi. Lembani na icho."

A Wilkins analemba. Ndiye a Mable anawayang'ana n'kuwamvera chisoni. Anaimika mopu pakona, nati awatsate. Anadutsa nawo panja, kulowa nyumba ina ya njerwa zofiira, kutsika masitepe, mpaka pawindo lalikulu la galasi. M'katimo munali makina amene a Wilkins sakanatha kuwatchula mayina, ndi ophunzira asanu ndi mmodzi atavala magalasi otchinga maso. Awiri anali atsikana. Mmodzi anali atagona chagada pansi pa chimakina, sipanala m'manja, akulamula anyamata atatu kuti agwire apa ndi apo, iwo n'kumagwiradi.

"Uja mukazi," anatero a Mable, "amabwela seven koloko, ine nikalibe kusiliza corridor. Ankala kwa aunt wake, abwela na bus. Bana bena bamabelenga, bena bamamwa, ine nibaziba bonse. Fence siigwila muntu, batate. Wamene anabwela na mutu wake amayenda nao."

A Wilkins anaima pawindopo nthawi yaitali. Anakumbukira tsiku limene dzina lawo linatuluka, mmene anathamangira kunyumba opanda nsapato, ndi mmene mayi awo anayang'anira kumbali. Zaka zonsezi ankati zinapita, koma pawindo paja zinawapweteka ngati zadzulo. Anamva nsanje, mwamuna wamkulu wa imvi kuchitira nsanje ana a eni, ndipo anamvanso mantha, poti tsopano amene akanamutsekera mwana wina chitseko chotere anali iwo, ndi pakamwa pawo.

Sabata imeneyo a Wilkins sanali munthu. Kuntchito anameta nkhalamba ina tsaya limodzi n'kuiwala linalo. Kunyumba ankaima pagalasi kuyeserera kuti, "Mpanda ulipo, bwana," koma nkhope ya m'galasiyo inkaoneka ngati ya wakuba nkhuku. Lachinayi anabwerera kuyunivesite kuja, ndipo madzulo anafika pakhomo akumwetulira.

"Mayi, ndaupeza mpanda."

"Kuti?"

"Kutsogolo kwa ofesi yaikulu. Wa tcheni, wopaka utoto wakuda. Ndikanena kuti mpanda ulipo, sindinama."

"Wautali bwanji?"

A Wilkins analoza m'mawondo.

"Wazungulira chiyani?"

"Maluwa."

A Doris anaika supuni pansi. "Bambo, inu mumatembenuza malaya a anzanu kufuna msoko. Lero mukufuna kumugulitsa munthu tcheni cha maluwa? Ngati mukunama, namani bwinobwino ngati anzanu. Ngati simukunama, musaname. Koma izi zoima mwendo umodzi m'tchalitchi wina kunja, ine ayi."

Lamlungu m'mawa, asanapite ku tchalitchi, a Wilkins anakhala pafoni. Ku Limbe inali 2 koloko masana. Khadi loimbira kunja anali atagula ku Columbia Heights, lija lopala ndi kiyi n'kuimba manambala osatha, ukalakwitsa imodzi kuyambiranso. Analakwitsa kawiri. Kachitatu foni inalira kutali, ngati pansi pa chitsime, ndipo anamva mawu amene anali asanawamve zaka khumi ndi chimodzi.

"Wiliki. Nena."

Kunamvekanso kuti kwatsa, wina akunyamula foni yachiwiri ya m'nyumbamo. A Wilkins anadziwa kuti Darshana akumvetsera. Anatseka maso.

"Bwana, mpanda kulibe."

"Ndi waufupi?"

"Kulibiretu."

"Geti?"

"Popanda mpanda geti likhala pati, bwana?"

"Mlonda?"

"Kuli apolisi a pasukulu. Sindinawapeze akugona, koma ndinapita masana."

"Chipande?"

"Chimodzi, akatanganidwa."

"Anyamata?"

"Nyumba imodzi, bwana. Atsikana pansi, anyamata pamwamba. Chikepe chimodzi."

Pafoni yachiwiri paja panamveka kamawu kakang'ono, kosweka. "Ankolo, mwandipha." Kenako foniyo inaikidwa pansi. Mawu amenewo anawalasa a Wilkins kuposa chipongwe chilichonse chimene nkhalamba za ku Landover zinawanenapo.

"Ndiye yasuluka," anatero Bwana Vithlani. "Zikomo, Wiliki. Ndinadziwa kuti iwe sunama."

"Ayi bwana, dikirani. Nsaluyo ndi yolimba, woipa ndi mpendero. Sukulu ndi yabwino, ndaiona kuseri. Ndaona mtsikana pansi pa makina, anyamata akumumvera. Mwana wanu uja anamasula wayilesi, malo ake ndi amenewo, osati kuwerenga misomali ku Ndola."

"Wayilesi unati inagwa."

"Ndinanama, bwana."

"Ndikudziwa. Koma mwana wanga sagona nyumba ya chikepe chimodzi."

Pomwepo panalowerera mayi wa kampani ya makhadi uja, wa mawu okoma ngati akukuitanira ku phwando: "You have one minute remaining." Mphindi imodzi. A Wilkins anayang'ana a Doris, amene anaima pakhomo la kukhitchini chipewa cha ku tchalitchi chili m'manja. Nthawi yofunsana panalibe.

"Asagone kumeneko, bwana! Agone kwathu. Chipinda chilipo, basi ndi imodzi. Ena amatero, amachokera kunyumba. Mpanda ndikhala ine. Geti ndi mkazi wanga, ndipo ameneyu satsegula wamba. Chipande tigula chake, ndi mapoto ake. Ndinamunyamula panjinga zaka zitatu osamugwetsa, bwana, sindingamugwetse pano. Sainani pepalalo. Bwana? Mukundimva?"

A Wilkins ankangomva kupuma kwa munthu wokalamba. Kenako foni inati thii, khadi latha.

Anaibweza foniyo pang'onopang'ono ngati dzira. A Doris anali asanasunthe.

"Mwati geti ndi ndani?"

"Nthawi inatha, mayi."

"Mwafunsa ndani? Zaka zinayi, bambo! Four years! Anthu aja sadya nyama, ngakhale dzira, mukudziwa? Walira mvula walira matope. Nkhuku zanu zija muzikadyera m'galimoto, mawindo otseka." Anavala chipewa, anachivulanso. Kenako mawu awo anatsika. "Komanso musadzinamize. Munagwira ntchito kwa anthu aja zaka khumi ndi zinayi. Munalowapo m'nyumba mwawo kupitirira kukhitchini?"

"Ayi."

"Ndiye munthu ameneyo apereke mwana wake wamkazi kuti azigona m'nyumba mwa wantchito wake? Anzake a ku Limbe amva bwanji?"

A Doris ankanena zoona. Ku tchalitchi tsiku limenelo besi sinamveke.

Koma atabwerako, iwo ali pampando kuyang'ana khoma, anamva kukhuluka m'chipinda chaching'ono chija. Anakapeza a Doris atavula za ku tchalitchi, akutulutsa makatoni a zovala zotumiza kumudzi, matiresi a alendo, ndi fani yakufa imene a Wilkins ankati adzakonza. Chipinda chimenecho, pamene ankalowa m'nyumbayi, anachikonzera mwana. A Doris anachipaka okha utoto wachikasu. Mwanayo sanabwere. Anayenda m'zipatala, anapemphera, kenako anasiya kuzikamba, ndipo chipindacho chinasanduka cha aliyense wotsika ndege, wogona milungu iwiri n'kumapita. Mlendo ndi mame, ndipo iwo anali atazolowera mamewo.

"Mukutani, mayi? Munthu sanayankhe."

"Ndikusesa m'nyumba mwanga. Ndi mlandu? Nyamulani fani yanuyi mukataye."

Lolemba a Wilkins anadzera kwa Mwitiyopiya uja pochokera kuntchito. Kunalibe kanthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Pofika Lachitatu mwini sitoloyo ankangowapukusira mutu pawindo asanalowe n'komwe. A Wilkins anawerenga masiku: kuti pepala lifike pa 15, linayenera kunyamuka ku Limbe Lolemba lotsatira. Anaganiza zogula khadi lina, koma ankamudziwa bwana wawo, ukamukankha amakhala pansi. Ndipo kunena zoona anayamba kudandaula kuti sananame. Mawu amodzi okha, mwana akanakhala akulongedza masutikesi. Chilungamo chawo chija, chimene ankayenda nacho monyada ngati wotchi yatsopano, sabata imeneyo chinawanyansa. Kwa nthawi yoyamba anadya m'lesitilanti osayamba waona kuchimbudzi, ndipo a Doris atamva anawagwira pamphumi kuona ngati akutentha thupi.

Lachisanu madzulo, akudutsa osafuna n'kuyang'ana komwe, Mwitiyopiya uja anagogoda pagalasi akukupiza kapepala. Kanali kafupi, kosakwana chikhatho. A Wilkins anakawerenga ataima pakhomo la sitolo, anthu akuwapempha njira. Anakawerenganso. Sanadikirenso basi, anayenda wapansi mothamanga mpaka kunyumba, n'kukapereka kwa a Doris.

"Wiliki. Yeza windo la chipinda cha mwana, mulitali ndi mulifupi. Makatani abwera nawo yekha mu Ogasiti. Usayeze ndi maso. Mkazi wako agwire mbali inayo. J. V."

A Doris anawerenga, anakapinda kapepalako bwinobwino, n'kukalowetsa m'Baibulo. Anatsegula kabati, anatulutsa tepi yawo yosokera, n'kutsogola kupita kuchipinda chachikasu chija. Anagwira nsonga imodzi pakona ya windo, a Wilkins anakoka inayo mpaka kumapeto. Munthu amene anagwira ntchito m'sitolo ya nsalu zaka khumi ndi zinayi anawerama pa tepiyo, anaiyandikira, anaitalikira, anavula magalasi n'kuwapukuta ndi tayi.

"Werengani, bambo, mkono ukuwawa."

"Manambala ake ndi aang'ono. Tepi yanuyi ndi yachabe."

"Tepi ilibe mlandu. Mukulira."

"Sindikulira."

"Chabwino, simukulira. Gwirani kuno ndiwerenge ndine, bambo a Darshana."

A Wilkins anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo chibadwire palibe amene anawaitanapo ndi dzina la mwana. Anasinthana malo ndi akazi awo, anagwira nsonga ya tepi pakona ya windo, ndipo a Doris atamaliza kuwerenga iwo anali asanaisiyebe.